Galaja yomwe inakonza kunsi kwa Hilux yanga pa Salima: ma shock, masipuling'i ndi mabushi

Anzanga amene muli ndi mapikapu akale a dizilo kuno kunyanja, makamaka inu amene mumayenda M5 tsiku ndi tsiku kuchoka pa Salima kudutsa Benga, Nkhotakota mpaka Dwangwa, ndati ndilembeko za galaja yomwe inagwira kunsi kwa galimoto yanga chifukwa ntchito yake ndakhutira nayo ndithu, ngakhale pali zingapo zomwe sizinandisangalatse ndipo ndizinena. Ndi kagalaja kakang'ono chabe chakufupi ndi Kamuzu Road, kalibe ndi chikwangwani chomwe, pali dzenje limodzi loonera kunsi kwa galimoto, eni ake ndi bambo achikulire omwe aliyense amangowatchula kuti amdala, ndiye pali anyamata awiri owathandiza basi.

Galimoto yake ndi Hilux Vigo single cab 4x4, injini ya 2.5 D-4D ija amati 2KD, ndinaigula kwa munthu yemwe ankanyamulira simenti ndi njerwa. Injini ilibe chifukwa, imalira bwinobwino siidya oyilo, koma kunsi kunali kutatha. Ine ntchito yanga ndi mpunga, ndimakatenga ku Lifuwu nthawi zina ku Nkhotakota nkukwera nawo M14 kudutsa pa Mvera mpaka mu Lilongwe, ndiye galimoto imakhala ili ndi katundu nthawi zambiri. Kumbuyo kunali kutagwa mbali yakumanzere, ukangoponda kadzenje imagogoda kutsogolo, ikadutsa pa bampu imapitiriza kunjanja kangapo isanakhazikike, matayala akutsogolo akudyeka mkati mokha kunja kuli kwatsopano, ndipo mnzanga wina yemwe ankanditsatira pambuyo tsiku lina anandiuza kuti aise galimoto yakoyi ikuyenda chammbali ngati nkhanu.

Mukafunsa pa depoti kapena pamsika aliyense akuuzani chimodzimodzi, kawonjezereni ma leaf (zitsulo zathyathyathya zija zosanjikizana za sipuling'i) awiri kumbuyo, gulani ma shock akuluakulu, basi yatheka. Ndinawauza amdala zomwezo. Iwo sanayankhe kanthu, anangoti tandipatseni makiyi achimwene, nkulowa nayo mu msewu wafumbi ine ndili pambali, akuponda dala mmabampu momwe, akugwira mabuleki mwadzidzidzi, akukhotetsa chiwongolero uku ndi uku khutu lili kunsi. Titabwerera asanaikweze nkomwe anagwada nkuyamba kugwira ma shock ndi dzanja imodziimodzi. Atatu anali ofunda, yakumbuyo kumanzere inali yozizira zii. Anati shock ikamagwira ntchito imatentha chifukwa oyilo wamkatimo akukanikizidwa kudutsa mu timabowo, ndiye ikakhala yozizira mutayenda mmabampu dziwani kuti inafa kalekale yangotsala chitsulo. Atandionetsa ndi tochi, thupi lake lonse linali lonyowa ndi oyilo fumbi litamatirira mpaka pansi. Anandiuzanso kuti kachinyezi pang'ono pamwamba pa shock sikoopsa, koopsa ndi oyilo wochita kuyenderera choncho.

Apa mpamene ndinayamba kuwakhulupirira, chifukwa chilichonse amakuitana kuti tsikani mdzenjemu mudzaone nokha. Anatenga liva ya matayala nkuyamba kutukula chimodzichimodzi. Mabushi (timalabala tija timavala mabawuti) a ma shackle, tizitsulo tolumikiza sipuling'i ku chassis kumbuyo, labala inali itatheratu, chitsulo chikudya chitsulo chinzake mpaka bawuti yachita mkhosi. Leaf yachiwiri kumanzere inali yothyoka ndipo pankaoneka kuti mwini wake wakale anaiwotcherera, inathyokanso pambali penipeni pa chowotchereracho. Koma chachikulu chinali centre bolt, bawuti ija imalowa pakati pa ma leaf onse nkuwamanga pamodzi, mutu wake nkukhala mu kabowo ka pa diff, chitsulo chija chimagwira mawilo akumbuyo, kuti diff isasunthe. Inali itaduka, ndiye diff mbali imeneyo inatsetsereka chammbuyo pang'ono, nchifukwa chake galimoto imayenda chammbali muja. Anandiyezetsa ndekha ndi tepi kuchoka pakati pa wilo yakutsogolo kufika pakati pa wilo yakumbuyo mbali zonse ziwiri, zinasiyana zoonekeratu. Kutsogolo, ball joint yapansi kumanja, joini yomwe imagwira wilo ku arm, kalabala kake kanali kong'ambika ndipo atafinya munatuluka girizi wosakanikirana ndi mchenga wokhawokha, wogwira mmanja kuchita kumva kukhakhala. Kuno kwathu mchenga ndi madzi ndi zomwe zimapha zinthu zimenezi, kalabala kakangong'ambika mchenga umalowa nkuyamba kupera mkati, ndipo ball joint yapansi ikazuka wilo imagona pansi galimoto ikuyenda. Tonse tinazionapo mapikapu atagwada mmbali mwa msewu wilo ili chopingasa, nthawi zambiri chimakhala chimenechi.

Nkhani yowonjezera ma leaf tinakambirana nthawi yaitali ndipo ndi pomwe ndikufuna ndikhalepo pang'ono chifukwa ambiri tikuwononga magalimoto pamenepa. Amdala anati choyamba timasokoneza ntchito ya shock ndi ya sipuling'i. Katundu amanyamula ndi sipuling'i, shock ntchito yake ndi kuletsa kunjanja kuti tayala likhale logunda pansi nthawi zonse, ndiye galimoto ikagwa kumbuyo olo mugule ma shock odula chotani siidzuka, vuto ndi masipuling'i. Chachiwiri, pikapu ngati yangayi inapangidwa kuti izinyamula pafupifupi tani imodzi, kuphatikiza anthu omwe akwera, ndiye ngati ndi matumba a 50kg ndi osakwana 20 basi, ndipo double cab imanyamula ochepera apo. Mukawonjezera ma leaf atatu anayi galimoto imaoneka yoimirira bwino olo muike matumba 35, koma mabuleki ndi omwe aja, ma bearing a diff ndi omwe aja, matayala ndi omwe aja, chassis ndi yomwe ija. Sipuling'i ikauma kwambiri siipindikanso, ndiye mphamvu yonse ya dzenje imapita ku chassis, imayamba kung'aluka pomwe pamagwira ma hanger a masipuling'i kapena kuseri kwa kabini. Anandionetsa pikapu ina yomwe inali pakona pa galaja pomwepo, chassis yowotchereredwa zigamba mbali zonse, kumbuyo ma leaf atawunjikidwa mulu. Anati mwini wake ankanyadira kuti yake siigwa.

Kuwotcherera leaf anakaniratu, anati achimwene ngati mukufuna zimenezo pitani kwina ine dzanja langa silipanga. Chitsulo cha sipuling'i chimakhala chophikidwa mwapadera kuti chizipindika nkubwerera, moto wowotcherera umapha mphamvu imeneyo ndiye pambali pa chowotchereracho pamauma nkuthyoka, ngati momwe zinachitikira pa yangayo. Kukhoma ma leaf ndi hamala kuti apindikenso anati zimadzutsa galimoto inde koma kwa kanthawi, chitsulo chotopa chimabwereranso pomwe chinali. Zomwe tinagwirizana ndi izi, leaf yothyoka isinthidwe mbali zonse ziwiri kuti galimoto isapendekeke, tiwonjezere leaf imodzi yokha mbali iliyonse poti ndimayenda ndi katundu pafupipafupi, centre bolt zatsopano zazitaliko, ma U-bolt (mabawuti opindika omangira ma leaf ku diff) atsopano onse anayi, mabushi onse akumbuyo, ma shock onse anayi, ma ball joint apansi onse awiri ndi mabushi a ma arm apansi. Shock kusintha imodzi anati ayi, zimayendera ziwiriziwiri.

Masipeya iwo sagulitsa ndipo izi ndinazikonda chifukwa palibe zoti akukakamize kugula zomwe zili pa shelefu yawo. Anandilembera pa pepala nkundiuza kuti pa Salima mabushi ndi mabawuti mupeza koma ma shock ndi ma ball joint kwerani ku Lilongwe, ndipo mutenge zakalezi mmanja mukafananize. Ku Lilongweko mitundu ilipo yambiri. Gabriel ndi omwe amapezeka kwambiri, amachokera ku South Africa, KYB ndi kampani ya ku Japan, Monroe aliponso, ndiye pali aja okwera mtengo a Old Man Emu ndi Ironman 4x4 omwe ndi makampani a ku Australia, opangira anthu oyenda mtchire, amenewo nthawi zambiri mpaka kuchita kuitanitsa. Chigwereni kwacha ndi 44% mu Novembala 2023 mitengo ya masipeya siikhazikika, mtengo womwe wakuuzani lero sabata yamawa wasintha, ndiye sindilemba manambala pano angakusokonezeni, koma ndinene kuti seti ya ku Australia ija ndalama yake inali yoti ndikanakonzera kunsi konse nkutsala chenji. Kwa munthu wonyamula mpunga ngati ine sindinaone chifukwa. Ndinatenga ma KYB a gasi onse anayi ndi ma ball joint a 555, aja timangoti three five. Ubwino wa shock ya gasi ndi woti mkati muli nitrogen yemwe amakanikiza oyilo kuti asachite thovu ikatentha, ndipo ndi kutentha kwa kuno mu Okutobala ndi Novembala ukuyenda msewu wa mabampu mtunda wautali, shock ya oyilo yekha imafooka msanga, umangomva galimoto yayamba kuyandama.

Chenjerani ndi zafeki abale, zilipo zambiri ndipo bokosi limaoneka lenileni. Mu shopu ina yomwe sinditchula anandipatsa shock yotchipa modabwitsa, bokosi lokongola, koma nditainyamula inali yopepuka kusiyana ndi yakufa yomwe ndinali nayo mmanja, nambala yake inali pa sitika yokha osati yodinda pa chitsulo, ndipo nditaikanikiza pansi inalowa mosavuta nkukhala pomwepo osabwerera, pomwe ya gasi imayenera kutuluka yokha pang'onopang'ono. Ndinaibweza nkupita kwina. Ma shock ochotsa ku magalimoto akufa nawonso ine ndimati ayi, sudziwa kuti ayenda mtunda wanji. Ma leaf ochotsa ku Hilux ina bola, amenewo ukhoza kuwaona ndi maso ngati ali ndi mng'alu kapena dzimbiri lakuya, ndipo anga ndinatenga otero amdala atawayang'ana nkuwavomera.

Mabushi panali kusankha pakati pa alabala ndi aja olimba achikasu kapena ofiira a polyurethane. Amdala anati kumbuyo pa ma shackle olimbawo ndi abwino kwa wonyamula katundu koma amafuna girizi pafupipafupi apo ayi amalira kwiikwii ndipo mchenga ukalowa amadya bawuti, pomwe kutsogolo pa ma arm anati ikani alabala chifukwa amameza kugunda, olimbawo mabampu onse muziwamvera mmanja pa chiwongolero. Ndinatsatira zomwezo.

Tsopano kagwiridwe ka ntchito, apa ndiye ndinaima pomwepo kuonerera. Pa Vigo shock yakutsogolo imakhala mkati mwa koyilo, ndiye kuti uisinthe uyenera kupana koyiloyo kaye, ndipo ndinaonapo anthu ena akumanga ndi zingwe kapena kupana ndi jeke zomwe zikhoza kumuchotsa munthu chibwano. Iwo ali ndi chopanira chake chenicheni, amamanga mbali iyi pang'ono mbali iyo pang'ono, mnyamata atamuuza kuti aime kumbali osati kutsogolo kwa koyilo. Mabushi a ma arm anakanikiza ndi pulesi osati kukhoma ndi hamala. Ndipo chomwe sindinaonepo kwina, mabawuti a mabushi onse anangowagwiritsa pang'ono galimoto ili pa jeke, nkuitsitsa pansi, kuigwedeza kangapo, kenako nkulowa mdzenje kukamangitsa ili chiimire pa matayala ake. Nditafunsa anati labala ya bushi imapotoka galimoto ikamakwera ndi kutsika, ndiye ukamangitsa wilo ili lende mmwamba, ukatsitsa labala imakhala yopotoka kale nthawi zonse ndipo imang'ambika miyezi yochepa, kenako mwini galimoto amati ndinagula zafeki chonsecho ndi kamangidwe. Ma U-bolt anamanga mopingasa pang'onopang'ono, anati akale sabwezera chifukwa anatamuka kale ndipo U-bolt ikamasuka ndi yomwe imadulitsa centre bolt.

China chomwe ambiri owonjezera ma leaf sachidziwa nkomwe ndi kavalavu ka mabuleki komwe kali kumbuyo pamwamba pa diff, kali ndi kandodo kachitsulo kolumikiza ku diff. Ntchito yake ndi kumva kulemera kwa katundu, galimoto ikalemera nkutsika kamatsegula kuti mabuleki akumbuyo agwire mwamphamvu, ikakhala yopanda kanthu kamachepetsa kuti mawilo akumbuyo asamakoke pansi. Ndiye ukadzutsa kumbuyo ndi leaf yowonjezera osakasintha, iko kamaona ngati galimoto ilibe katundu olo uli ndi matumba 20, mabuleki akumbuyo nkumagwira mofooka, ntchito yonse nkupita kutsogolo. Taganizani mukutsika zitunda za M14 kuchoka ku Mvera ndi simenti kumbuyo. Amdala anayeza momwe galimoto yakwerera nkusuntha pomwe pamagwira kandodoko molingana, kenako tinakaiyesa mabuleki pa fumbi.

Zotsatira zake ndi zabwino zedi. Kugogoda kunatha, galimoto ikuyenda molunjika, ikaponda dzenje imagunda kamodzi nkukhazikika, ndikaika mpunga imatsika pang'ono mofanana mbali zonse ndipo magetsi usiku sakuloza kumwamba kuthobwa anzanga mmaso ngati kale. Ikakhala yopanda katundu kumbuyo kumauma pang'ono, pa mabampu imadumphako kusiyana ndi ya masipuling'i a kufakitale, chimenecho ndi mtengo wa leaf yowonjezera ija ndipo anandiuziratu. Ndinaiyesa pa M18 kuchoka Nkhotakota kudutsa mu nkhalango muja kupita ku Kasungu komanso mmisewu ya mchenga yolowera kumadoko, sindinamve chodandaulitsa. Ku COF, koyeza ngati galimoto ili yoyenera kuyenda pamsewu, inadutsa osabwezedwa.

Zosandisangalatsa nazi. Makina a alayimenti alibe, amayeza ndi chingwe ndi tepi zomwe zimangokuthandiza kuti ufike, ndiye ukasintha mabushi a ma arm ndi ma ball joint uyenera kupitabe kwa a makina apakompyuta, ine ndinakapangitsa ku Lilongwe ndipo anapeza kuti inali isanakhale bwino. Iwo anandiuza okha kuti mupite musachedwe matayala angadyeke, koma ndi ndalama ina ndi ulendo wina zomwe muyenera kuwerengera. Nthawi samasunga, tsiku lomwe anandiuza kuti mudzatenge galimoto inali idakali pa majeke chifukwa amdala anapita kumaliro ndipo anyamata saloledwa kumanga okha zinthu zikuluzikulu, maliro ndi maliro palibe angatsutse koma foni akanandiimbira, ine ndinali nditalonjeza kale anthu a mpunga. Lisiti salemba, mtengo mumagwirizana pakamwa, ndiye funsitsani poyamba kuti zomwe mwagwirizanazo zikuphatikiza chani. Pokhala palibe, kamthunzi ndi kamtengo kamodzi ndipo dzuwa la pa Salima mukulidziwa. Komanso oyilo wakale amangothira pansi kuseri kwa galaja, zimenezi zinandiwawa mtima chifukwa mvula ikagwa zonsezo zimatsikira kumadzi omwe timamwa ndi kudyamo nsomba, ndinawauza ndithu ndipo anati ayika mgolo, ndikadzapitanso ndikaona.

Mtengo wa ntchito yawo siwotsika kwambiri, alipo ena pa Salima pompano omwe akanandichitira motchipa, koma poona kuti ntchito ndi yosabwereza ndinalipira mosadandaula.

Amene muli ndi Nissan Hardbody, Isuzu KB zakale zija kapena Hilux 4x4 zomwe zinalipo Vigo itatsala pang'ono kubwera, kutsogolo kwanu kulibe koyilo kuli torsion bar, ndodo yachitsulo yomwe imapotoka nkugwira ntchito ya sipuling'i, ndipo ndinamva amdala akukangana ndi kasitomala wina yemwe amafuna amumangire mabawuti a torsion bar mpaka kumapeto kuti galimoto ikwere ilowe matayala akuluakulu. Anamuuza kuti kumanga pang'ono kubwezera pomwe inali poyamba palibe vuto chifukwa zimagwa ndi ukalamba, koma kupyola apo arm yapamwamba imakhala yagunda kale pa kalabala koletsa, wilo ilibenso potsikira, galimoto imauma ndipo ma ball joint ndi ma CV, majoini aja amazunguza mawilo akutsogolo, amatha msanga. Ngakhale pa Vigo anati kukweza kopitirira 50mm kumayamba kuvutitsa ma CV chifukwa amagwira ntchito atapindika kwambiri, malabala ake nkumang'ambika. Munthu uja anachoka atakwiya koma ine ndikuona kuti amdala ankanena zoona, misewu yathuyi chomwe chimafunika ndi kunsi kolimba ndi matayala oyenera, aja olembedwa LT kapena C omwe timati 8 ply, osati kutalika. Mpweya wa matayala nawo tsatirani zomwe zalembedwa pa sitika ya pachitseko, pali nambala ya galimoto yopanda katundu ndi ya yolemera, ambiri timangopopa mpaka gwa nthawi zonse ndiye mabushi ndi ma shock ndi omwe amalipira.

Pondipatsa makiyi anandiuza kuti ndikayendayenda ndi katundu masabata angapo ndibwerere adzamangitsenso ma U-bolt chifukwa ma leaf atsopano akakhazikika manati amamasuka, ndipo ndikadutsa mmadzi kapena mmatope nthawi ya dzinja ndizitsuka kunsi nkupopera girizi mu timanipo tonse ta propshaft ndi ma shackle. Ndinabwereradi, manati awiri anapezeka atamasuka pang'ono, anamangitsa osandilipiritsa kanthu, nkundionetsanso kuti rack end yakumanzere, kandodo kolumikiza chiwongolero ku wilo, yayamba kusewera ndiye ndiyambe kusunga ndalama mvula isanayambe. Mukafuna kupitako pitani mmamawa kwambiri dzenje lisanalowe galimoto ina, ndipo kunsi mutsukiretu chifukwa yamatope amdala amaibweza kuti mukatsuke kaye.